Liwiro la Mumchenga

Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Amene anapeka mwambiwu mchenga ankaudziwa. Panthaka youma, munthu wochedwa amatha kukoka miyendo n'kuwapeza anzake, koma mumchenga phazi lililonse limatitimira, ndipo ukati uonjezere mphamvu m'pamene umamira kwambiri. Mpata umene wasiya poyambira sutsekeka, umangokulirakulira. N'chifukwa chake akuluakulu amaponyera mwambiwu mlimi amene akuzengereza kubzala mvula yoyamba itagwa, kapena mwana amene akuti makope adzawatsegula mayeso akayandikira. Ndi chenjezo kwa ochedwa.

Koma taumvetsetsani. Mwambiwu ukunena za kuyamba basi, za kufika wangoti zii. Sunalonjeze kuti oyambira limodzi adzafikanso limodzi, ndipo sunalamule wotsogola kuti adikire wotsalira. Zimenezo unasiyira othamangawo kuti aone okha. Ine nkhaniyi ndimaiona bwino kumalo kumene kulibe mchenga n'komwe: m'timisewu ta kumidzi ya ku England mwezi wa Januwale, pakati pa anthu wamba amene amapalasa njinga makilomita 200 tsiku limodzi popanda chikho kapena ndalama yowadikira kutsogolo.

Maulendo amenewa amatchedwa audax, ndipo ku Britain amayang'aniridwa ndi bungwe la Audax UK lomwe linakhazikitsidwa mu 1976. Munthu amalembetsa, amalipira kandalama kochepa, n'kupatsidwa khadi la timabokosi. M'njira muli malo amene khadilo limadindidwa. Pamene palibe wodinda, umalowa m'sitolo n'kugula kanthu kuti upeze lisiti losonyeza dzina la tauni ndi nthawi, kapena umayankha funso la pakhadi, monga mamailosi amene alembedwa pachikwangwani cha pamphambano yakutiyakuti. Makilomita 200 ayenera kutha m'maola 13 ndi theka, ndipo wotchi siima pamene ukudya, ukusintha chubu kapena wasochera. Palinso malire a othamanga: ukapitirira makilomita 30 pa ola, ukapeza malo odindira asanatsegule. Galimoto yotola otopa kulibe. Zikakukanika pakati pa njira, umafunsa komwe kuli siteshoni ya sitima.

M'miyezi yotentha, ulendo wotere munthu wozolowera amaumaliza dzuwa likadalipo. Nyengo yachisanu ndiyo mchenga wake. Kumayambiriro kwa Januwale, cha ku Oxford dzuwa limatuluka 8 koloko itapitirira pang'ono ndipo 4 koloko ikangokwana likulowa, tsono wopalasa mofatsa amakhala mumdima maola anayi kapena asanu. Mpweya wozizira ndi wolemera kuposa wotentha, zovala n'zambiri, misewu ndi yonyowa komanso yodzaza matope amene mathirakitala atulutsa m'minda. Akhonsolo amathira mchere m'misewu ikuluikulu kuti madzi asaundane, koma timisewu ta njinga nthawi zambiri sitiuona mcherewo. Ngakhale zili choncho anthu amabwera. Ku Oxford kuli ulendo wotchedwa Poor Student umene umachitika sabata zoyambirira za chaka n'kudutsa m'mapiri a Cotswolds, ndipo m'madera ena mulinso yawo. Ena mwa obwerawo akusaka ulemu wa Randonneur Round the Year, umene umafuna makilomita 200 mwezi uliwonse kwa miyezi 12 yotsatizana. Ukadumpha mwezi umodzi, kuwerenga kumayambiranso. Anthu amenewo Disembala, Januwale ndi Febuluwale alibe kothawira.

Mphatso yoyamba ya gulu munthu amailandira asanakwere njinga. Ikamakwana 6 koloko kunja kuli bii, magalasi a magalimoto ayera ndi chisanu, ndipo thupi lili ndi zifukwa zomveka zokhalira m'bulangete. Ndi ochepa amene angadzuke pa okha. Koma dzina linalembedwa, khadi linasindikizidwa, ndipo m'holo ina ya m'mudzi muli munthu wongodzipereka amene wawiritsa kale madzi a tiyi. Umafika n'kupeza njinga zatsamira khoma lonse, eniake atafumbata makapu ndi manja onse awiri. Muli achinyamata a njinga zopepuka ngati nthenga, muli nkhalamba za njinga zachitsulo zakalekale zokhala ndi chikwama cha nsalu yolimba kuseri kwa chishalo. Ikakwana 8 koloko palibe mfuti, palibe wenzulo. Wokonza ulendo amangoima pakhomo, kuchenjeza za chigwa china chimene madzi aundana, n'kunena kuti muyende bwino.

Ola loyamba ndi lokoma. Gulu limatuluka m'mudzi awiriawiri, nyali zofiira zitandanda msewu wonse. Pamalo athyathyathya mdani wa wopalasa si kulemera kwa njinga, koma mpweya umene akuung'amba ndi chifuwa, ndipo liwiro likawirikiza kawiri mpweyawo umakankha kanayi. Wobisala kumbuyo kwa mnzake, matayala atatsala pang'ono kugundana, amapulumutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu zake. Ku England mphepo imakonda kuchokera kumwera chakumadzulo, choncho ulendo ukaloza kumeneko, kukhala m'kati mwa gulu ndi kukhala kunja kwake zimasiyana ngati usana ndi usiku. M'katimo umayenda liwiro limene pawekha sungalilote, uku mukucheza za mitengo ya matayala.

Kenaka pamabwera chitunda choyamba. Kapena maloboti adula gulu pakati, kapena waima kamphindi kuti utseke zipi. Ukamadzutsa mutu, anzako ali mamita makumi awiri kutsogolo. Pafupi pomwepa, mwakuti ukhoza kuwerenga zolembedwa pamajekete awo. Umatsika giya, umaimirira pamapedulo, mpata uli chimodzimodzi. Iwo mphepo akugawana anthu khumi, iwe ukulimbana nayo wekha. Pakatha mphindi zisanu ntchafu zayaka moto, mpata wafika mamita zana, ndipo pakhonde lotsatira nyali zija zazimiririka. Apa mwambi uja umaluma ndi mano ake onse, ndipo palibe choutsutsa.

Komabe ngozi yaikulu ndimaiona mwa amene aumvera mopitirira muyeso. Amaganiza kuti poti tayambira limodzi, ndiyenera kukakamira gulu loyamba zivute zitani. Amakakamiradi, makilomita 40, mwina 60, akupuma mwawefuwefu kumbuyo kwa anthu amene si a msinkhu wake. Ngongole yake imabwera pawiri. Shuga amene thupi limasunga m'minofu ndi m'chiwindi amatha m'maola awiri okha munthu akamagwira ntchito yakalavulagaga, ndipo akatha miyendo imangoti lobodo. Chinanso ndi thukuta. M'nyengo yotentha thukuta ndi bwenzi, koma mu Januwale malaya onyowa am'kati amasanduka mdani ukangofika pamtsetse wautali kapena ukaima. Anthu otere umawapeza masana atakhala pabenchi ya basi, nkhope ili mbuu, akutafuna bisiketi ngati mankhwala. Nzeru ya ulendo wautali yagona pa kudziwa gulu loyenera kulileka lipite. Amene amatha kunena mumtima kuti awa si anzanga a lero, n'kubweza liwiro osachita manyazi, sachedwa kumva matayala ena akubwera kumbuyo, a anthu opuma ngati iye.

Funso lakuti oyambira limodzi azikhalabe limodzi kapena ayi ndi lakale ngati masewerowa, ndipo linagawanitsapo anthu. Mu Juni 1897 kagulu ka anthu a ku Italy kanapalasa kuchoka ku Rome kukafika ku Naples, makilomita 230, pakati pa kutuluka ndi kulowa kwa dzuwa. Mu 1904 Henri Desgrange, yemwe chaka cham'mbuyo mwake anali atayambitsa mpikisano wa njinga wa Tour de France, anatengera mchitidwewu ku France n'kuuikira malamulo. Lamulo lake linali lakuti onse aziyenda pamodzi kumbuyo kwa kapitawo, pa liwiro la makilomita 18 pa ola, popanda wompitirira. Kuyamba limodzi, kudya limodzi, kufika limodzi. Mu 1921, atasemphana maganizo ndi Desgrange, a kalabu ya Audax Club Parisien anayambitsa maulendo awoawo momwe aliyense amayenda liwiro lake malinga asatuluke m'malire a nthawi. Njira ziwirizi zilipobe ku France mpaka lero, ndipo ya kapitawo inakwera kufika pa makilomita 22.5 pa ola. A ku Britain anatenga yachiwiri, chifukwa oyambitsa Audax UK ankafuna maulendo owayenereza kukalowa Paris–Brest–Paris, ulendo wa makilomita 1,200 umene unayamba mu 1891 ndipo masiku ano umachitika zaka zinayi zilizonse.

Pongoiona, njira ya Desgrange ndiyo ikuoneka yaumunthu, poti palibe wosiyidwa. Ine mtima wanga uli kwinaku. Pamene kapitawo walamula kuti tonse tikhale pamodzi, kukhala pamodziko sikukuuza chilichonse za munthu amene ali pambali pako. Wamphamvu wamangidwa chingwe, wofooka akukokedwa, ndipo onse akumvera wotchi ya munthu mmodzi. Koma pamene lamulo likuti ukhoza kupita, munthu n'kusankha kutsala, pamenepo waona kanthu.

Zambiri zimene anthuwa amachitirana n'zazing'ono, zosalembedwa paliponse. Wakutsogolo akatopa amagwedeza chigongono n'kupatukira pambali, wotsatira n'kutenga mphepo. Amene amangobisala kumbuyo tsiku lonse osatengako gawo lake palibe amamukalipira, koma onse amamuona. Wakutsogolo ndiye maso a gulu, chifukwa wakumbuyo akungoona msana wa mnzake. Akaona dzenje amaloza pansi ndi chala, chalacho n'kuyenda mzere wonse mpaka kwa womaliza. Akaona phula likunyezimira mwachilendo pamthunzi wa mitengo kapena pamlatho, amafuula, ndipo aliyense amadziwa kuti pamadzi oundana sugwira buleki, sukhota, umangoileka njinga idutse yokha uku mtima uli m'mwamba.

Chimene chimandigwira mtima koposa ndi kachikopa kolendewera kumapeto kwa madigadi akumbuyo. Madigadi enieniwo amateteza mwini njinga kuti matope asamulembe mzere kumsana. Koma kachikopako, kamene ena amadula kubotolo lapulasitiki n'kumangirira ndi bawuti mpaka katatsala pang'ono kukhudza pansi, mwiniwake sikamuthandiza kalikonse. Ntchito yake ndi kuletsa madzi a mumsewu, osakanikirana ndi mchere ndi ndowe za m'mafamu, kuti asathovukire kumaso kwa amene ali kumbuyo. Munthu anakhala m'galaja usiku wina, akuboola ndi kumanga, chifukwa cha nkhope ya mlendo amene sanakumane naye. Makalabu ambiri salola njinga yopanda madigadi m'gulu nyengo imeneyi, ndipo ukakhala ola limodzi kumbuyo kwa tayala lamaliseche, mano akuchita gegede ndi mchenga wa mumsewu, sufunsanso chifukwa chake.

Muyeso weniweni ndi tayala likaphwa. Alimi a ku England saloledwa kudula mipanda yawo ya zitsamba kuyambira Malichi mpaka Ogasiti pofuna kuteteza zisa za mbalame, tsono ntchitoyo imagwa m'miyezi yozizira, ndipo makina odulira amamwaza minga msewu wonse. Madzi nawo amafewetsa njira yoti munga kapena kamwala kakuthwa kalowe m'labala. Paulendo wina tinali anthu asanu ndi mmodzi, titayenda bwino kuyambira m'mawa, pamene tayala lakumbuyo la mnyamata wina linangoti phwii pansi pa chitunda. Tonse tinaima. Iye anatembenuza njinga, kuvula magolovesi, n'kuyamba kulimbana ndi tayala lothina pa limu ndi zala zimene zinali zitachita kale dzanzi.

M'mwezi wotentha wa Juni kudikira mnzako n'kwaulere, umangokhala paudzu n'kudya nthochi. Mu Januwale kuli ndi mtengo. Thupi likasiya kupalasa moto wake umazima, thukuta lija limayamba kuzizira, magazi amathawa m'zala kukateteza za m'kati, ndipo pakatha mphindi khumi nsagwada zikugundana. Mnyamatayo ankadziwa zimenezi.

"Pitani akuluakulu, musazizidwe chifukwa cha ine. Ndikupezani kutsogolo."

Tonse tinkadziwa kuti satipeza. Atatu anayang'anana, n'kutsanzika, n'kukwera. Sindiwaweruza ngakhale pang'ono. Anthu asanu kuzungulira tayala limodzi sathandiza kanthu, amangochulukitsa onjenjemera, ndipo mmodzi wa iwo milomo inali itayamba kale kuda. Ine ndinatsala pamodzi ndi mayi wina wa imvi, wa njinga yachitsulo. Anaona mnyamatayo akutulutsa chubu chatsopano mwachangu, n'kumugwira dzanja.

"Dikira mwanawe. Munga wautulutsa?"

Anali asanautulutse, poti zala zake sizinkamvanso kanthu. Mayiwo anavula golovesi imodzi, n'kuyendetsa chala chachikulu m'kati mwa tayala pang'onopang'ono, maso ali kumwamba ngati akumvetsera chinachake. Atazungulira theka anaima. Anapinda tayalalo pamalopo, kansonga kakuda n'kutulukira, kochepa kuposa njere ya mpunga, ndipo anakazula ndi pini imene inali pachikwama chawo. Pakanapanda zimenezo chubu chatsopanocho chikanaphwanso tisanamalize chitunda. Popopa tinasinthana, osati chifukwa cha chifundo chokha, komanso poti wopopa ndi amene amafundako. Nthawi yonseyi okwera ena ankatidutsa mmodzimmodzi, ndipo aliyense ankabweza liwiro n'kufunsa funso limodzimodzi, lakuti zonse muli nazo? Yankho lake pafupifupi nthawi zonse ndi lakuti tili nazo, pitani. Koma amafunsabe, ndipo tsiku limene wina wathyola tcheni kapena machubu amuthera, funsolo limasanduka chipulumutso.

Pamalo odyera a pakati pa ulendo magulu amaphwasuka n'kumangidwanso. Mawindo achita nthunzi, magolovesi aunjikidwa pa chotenthetsera m'nyumba, patebulo pali nyemba zothira pabuledi wootcha ndi tiyi wa mkaka. Atatu aja tinawapeza akumaliza kudya, ndipo panalibe mangawa. Anatisungira mipando. Msampha wa malo amenewa ndi kufunda. Mphindi makumi awiri zimasanduka ola osazindikira, ndipo ola limenelo ndi la dzuwa, lomwe ukalibweze mumdima. Akale pamasewerowa samathamanga kwambiri pamsewu, koma taonani mmene amadyera: khadi lidindidwe kaye, chakudya chiitanidwe asanakhale pansi, botolo lidzadzidwe podikira, ndipo mbale ikangoyera chipewa chili kumutu. Kawirikawiri amafika kumapeto patsogolo pa anyamata amene anawadutsa ngati mphepo m'mawa.

Pali bodza lina laling'ono limene anthu a audax amakonda, lakuti pano palibe wopikisana ndi mnzake. Pamapepala n'zoona. Palibe woyamba, palibe mphotho, ndipo wofika 4 koloko ndi wofika 9 koloko usiku amalandira chidindo chofanana. Koma munthu ndi munthu. Alipo amene amayang'ana pamndandanda kuti aone amene afika kale, ndipo alipo amene amanena nthawi yawo mokhala ngati zangowapulumuka. Zimenezi sizindivuta. Chimene ndimakana ndi kuyesa kuti wofika mochedwa wachita zochepa. Iye wakhala pachishalo maola 13, asanu mwa iwo mumdima ndi chisanu chikubwerera, pamene wothamanga uja anasamba kalekale.

Dzuwa likalowa, anthu amene masana ankayenda okhaokha amayamba kufunana. Palibe amene amapempha. Umangoona nyali yoyera kumbuyo kwako ikuyandikira, ikufika, koma osakupitirira. Kapena iwe ukaona kofiira kutsogolo umaonjezera pang'ono mpaka utakapeza, n'kukhazikika pomwepo. Nyali ziwiri zimaonetsa maenje bwino kuposa imodzi, oyendetsa galimoto amakuonani msanga, ndipo pamphambano yopanda chikwangwani mitu iwiri imasochera mochepa. Zokamba zimakhala zitatha. Mukhoza kuyenda makilomita 30 osalankhulana koposa kuchenjezana za dzenje, ndipo dzina la munthuyo mwina sudzalidziwa. Wina akatsalira pachitunda, mnzake amafika pamwamba n'kumapalasa mwaulesi, ngati akukonza golovesi, mpaka kupuma kwa winayo kutamvekanso pafupi. Sanena kuti ndakudikira, ndipo winayo sathokoza, poti kuthokoza kungaulule zimene onse awiri agwirizana kubisa.

Kuholo kuja umapeza fungo la supu ndi tebulo limodzi pafupi ndi khomo. Umasaina khadi, wokonza ulendo amalemba nthawi, amayang'ana zidindo ndi malisiti, n'kuchonga dzina lako pamndandanda wa onse amene ananyamuka m'mawa. Khadilo lidzapita kukatsimikizidwa ndipo lidzakupeza papositi patapita masabata. Iwe wamaliza, koma iye ayi. Pamasewero onsewa ndi munthu yekhayo amene kuyambira limodzi kumamumanga mpaka mapeto, chifukwa satseka chitseko dzina lina lisanachongedwe. Ikamakwana 9 koloko matebulo apindidwa, pansi pasesedwa, iye akuyang'ana mayina awiri kapena atatu otsala, osadziwa ngati eniake akulimbana ndi chitunda chomaliza, agwera m'ngalande, kapena ali kunyumba akuonera wailesi yakanema atakwera sitima masana.

N'chifukwa chake pakhadi lililonse pamalembedwa nambala ya foni, ndipo kusiya ulendo osaimba ndi mlandu umene anthu amenewa, ofatsa pa zina zonse, saukhululukira msanga. Kulephera kumaliza si kanthu, aliyense zinamuchitikirapo kapena zidzamuchitikira. Bambo wina amene amakonza ulendo wotere chaka ndi chaka amanena mawu omwewo m'mawa uliwonse anthu asanakwere, ndipo sawakometsera.

"Zikakukanikani, tumizani uthenga. Chifukwa chake sindikufunsani. Ndikungofuna ndikhwatche dzina lanu, ndibweze makiyi a holo, nanenso ndikagone."